Nkhanu za pa kasupe wanu

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Rozina, mwana wanu uja munkati pakamwa pake sipatsekeka ngati chitseko cha golosale. Kuno ku Ndirande tilipo, tikudzuka. Patha zaka zitatu chikuperekezereni kumanda, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikuti ndikulemberani, koma ndikagwira cholembera dzanja linkalemera. Pali chimene ndinalakwa pa kasupe wanu uja wa kuseri kwa nyumba, ndipo sindinkadziwa poyambira. Lero ndichinena. Koma munkatiuza kuti mlendo sumulonjera ndi mavuto a pakhomo, ndiye ndiyambe ndi zabwino.

Muli ndi mdzukulu wina, wamkazi. Anabadwa mu Juni chaka chatha, chiperoni chili pachimake, ndipo tinamutcha Elube, dzina lanu. Sitinaphonye. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akakwiya salira, amangokuyang'ana cham'mbali mpaka iwe wamkulu n'kuyamba kupepesa. Pano wayamba kuyenda chogwirira khoma. Mkulu wake Chisomo ali Sitandade 3, ndipo amawerenga mokweza chikwangwani chilichonse chimene minibasi yadutsa, ngakhale cha asing'anga, mpaka ine kuzolika ndi manyazi. Bambo ake akadali pa khonde pomwe paja ndi makina awo osokera. Nthawi ya kampeni anasoka malaya a zipani zonse mosasankha, ndipo mpaka lero sanaulule kuti anavotera ndani.

Achimwene Layisoni anakwatira. Mlamu wathu ndi wa ku Bangwe, munthu wofatsa moti nthawi zina ndimamumvera chisoni. Ntchito ya kufakitale ija inawathera achimwene, ndiye pano amaumba njerwa n'kumawotcha. Mtima wawo ndi womwe uja mumaudziwa: kupsa msanga, kuzizira msanga.

Inu munapita mavoti asanachitike, choncho matipate simunawaone. Tinauzidwa kuti ufulu wabwera, ndipo ufulu woyamba umene tinaugwira ndi manja unali wa nkhwangwa. Phiri lija munkaopa kulowamo popanda chilolezo, lero lili mbee ngati mutu wa namfedwa. Mitengo yonse inatsika pamitu ya anthu, ina kukhala nkhuni, ina matabwa, ina makala. Sindikunamizani kuti ine ndinangoonerera. Nanenso ndinakwera ndi khasu n'kukatsegula kamunda chakumtunda, ndipo chaka chino ndapezako chimanga choti chingatifikitse mu Okutobala, ndi nandolo pang'ono. Afisi aja ankalira m'mapanga anasamuka, sitikudziwa kumene analowera. Apusi otsala asanduka akuba a m'makomo. Wina analanda mlamu chikondamoyo m'manja masana dzuwa likuswa mtengo, mlamuyo n'kungoti, "Basi, nayenso ndi njala." Matemba a ku Chilwa mumawakonda aja asowa pamsika, ati nyanja inaphwa mpaka anthu kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato. Mtsinje wa Nasolo uja tinkachapamo, pano ngakhale galu amangonunkhiza n'kubwerera.

Tsopano ndifike pa kasupe.

Mukukumbukira mmene munkamusamalira. Mabanja onse a mzere wathu ankatunga pamenepo, pansi pa mtengo wa katope uja, ndipo mipopi ikauma ankabweranso a kutali ndi zigubu zawo. Chaka chilichonse mvula isanayambe munkaitana azimayi kuti tikakape. Koma palibe ankayamba kukhudza madzi inu musanalowe. Munkakwinya chitenje m'chiuno, n'kumapisa dzanja m'mauna a m'mbali, kutulutsa nkhanu imodziimodzi. Munkaziika mu ndowa ya madzi a pomwepo, ndowayo n'kuiphimba ndi masamba pamthunzi. Zikatero ndiye enafe tikape madzi, tichotse matope ndi masamba ovunda. Pomaliza munkazibwezera, iliyonse pafupi ndi una wake, uku mukuziuza kuti, "Pepanitu eni ake, timangosesako." Zala zanu zinali zipsera zokhazokha chifukwa cha ntchito imeneyo, koma sindinakumveni mukudandaula.

Munkati nkhanu ndi imene imatsegula njira ya madzi, ukaipha kasupe amanyanyala. Ine ndi Fomu 2 yanga ija ndinkaseka chamumtima. Tsiku lina ndinalephera kudzigwira, ndinakuuzani pamaso pa azimayi kuti aphunzitsi anati madzi a kasupe ndi mvula yolowa pansi basi, nkhanu sizikukhudzidwa. Simunakalipe. Munangofunsa kuti, "Aphunzitsi akowo amatunga kuti?" Azimayi anandiseka mpaka ndinathawira m'nyumba.

Mutapita, azimayi omwewo anandisankha kukhala wapampando wa kasupe, ati ndine mwana wa mwini ntchito komanso ndimatha kulemba. Ulendo woyamba ndinachita monga munkachitira, ngakhale thupi linkanyansidwa, ndipo nkhanu ina inandipana chala mpaka magazi. Koma dzinja lotsatira kunagwa matenda otsegula m'mimba. Ana awiri a mzere wathu anagonekedwa kuchipatala, mmodzi anali Chisomo. Ndinamuona mwana wanga maso atalowa m'kati, Amayi, ndipo ndinachita mantha amene sindinawachitepo. Atachira ndinayamba kumuyang'ana kasupe uja ngati mdani, ndi matope ake, ndi achule ake, ndi nkhanu zakezo.

Inali nthawi ya kampeni. Bambo wina wofuna mavoti anabwera n'kutisiyira matumba a simenti ndi paipi, ati tikonze kasupe akhale wamakono. Ine ndi amene ndinawombera m'manja kwambiri. Mmisiri amene tinamupeza anati kuti madzi azituluka oyera pafunika kuwaka m'mbali monse ndi pansi pomwe, pangotsala kabowo kamodzi ka paipi. Azimayi ambiri anavomera. Amene anakana ndi mnzanu uja munkakangana naye m'mawa n'kudyera limodzi masana, mayi a Joyisi, oswa miyala aja. Anandikokera pambali.

"Rozina, nanga eni akewo mwawauza?"

"Mayi, zimenezo n'zakale," ndinatero. "Ana athu azifa chifukwa choopa nkhanu?"

"Ine sindinati usakonze. Waka m'mbalimo, madzi a mumsewu asamalowe. Koma pansipo usiye, mayi ako sakanalola."

"Mayi anga kulibe. Wapampando ndine."

Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa pangapa, ndipo ndikuwalemba kuti muwamve kwa ine, osati kwa wina. Mayi a Joyisi anatola hamala yawo n'kubwerera ku miyala yawo.

Tsiku lowaka, anthu a mmisiri anakapa madzi n'kugwira nkhanu zimene anaziona. Sanafune ndowa. Anasonkha moto pambali n'kuziwotcha pa chitini, akuseka, ati ndiwo zabwera zokha. Fungo lake ndinalimva. Ndinali pomwepo ndi kope la komiti m'manja, ndipo sindinawaletse. Atamaliza kusalaza simenti, ndinatenga msomali n'kulembapo dzina lanu isanaume, ndikuganiza kuti ndikukulemekezani.

Miyezi yoyamba zinali bwino kwabasi. Madzi ankatuluka mu paipi ali mbee, anthu odutsa ankaima kuyamikira, ine n'kumayenda chodzikweza ngati ndine ndinalenga madziwo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofika mu Ogasiti paipi inayamba kudontha m'malo motuluka. Mu Okutobala inasiyiratu. Dzinja litabwera tinati abwerera, koma madzi anakatulukira kumunsi, m'mbali mwa msewu, pafupi ndi zimbudzi za anthu, pamene palibe angatunge. Kasupe amene sanaumepo chibadwire changa anauma ine ndili wapampando.

Azimayi anayamba kupita ku mpopi wogulitsa wa kumsika, kumene mzere wake umatha theka la tsiku. Osakwanitsa anabwerera ku Nasolo, madzi onunkha aja. Palibe anandinena, ndipo chimenecho ndicho chinkandipweteka kwambiri. Bola akanandilalatira. Mayi a Joyisi, ndi mawondo awo otupa aja, ankadutsa pakhomo ndi ndowa pamutu kuchokera kumsika, n'kundipatsa moni mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji a wapampando?" Ndinkalowa m'nyumba n'kukalira.

Bambo a Chisomo ankayesa kunditonthoza. Ankati vuto ndi phiri, mitengo yatha, mvula ikagwa imangothamanga osalowa pansi, ndiponso zaka zimenezi mvulayo yakhala yochepa. Sindikuwatsutsa, akasupe enanso auma amene sanaone simenti. Koma ine ndinkadziwa zimene ndinaona pa chitini paja.

Mu Seputembala chaka chatha, Elube ali ndi miyezi itatu, achimwene Layisoni anafika m'mawa ndi nkhwangwa paphewa. Uvuni wawo wa njerwa unali utaima, nkhuni kulibe, poti phiri lonse anthu anali atamaliza. Anapita molunjika pa mtengo wa katope. Ndinathamanga ndi mwana kumsana n'kukakhala pa muzu waukulu uja munkakhalapo potsuka mbale.

"Iwe Rozina, choka apo. Kasupe anafa, mtengowu ukulondera chiyani?"

"Achimwene, uwu ndi mtengo wa Amayi."

"Wa Amayi? Nanga kasupe sanali wa Amayi? Unandifunsa ine pomuthira simenti?"

Ankanena zoona. Anapitiriza kuti mlamu ndi woyembekezera, njerwa zikapanda kupsa mvula isanagwe zisungunuka, banja lidya chiyani. Zimenezonso zinali zoona. Koma sindinasunthe. Ndinamasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa pomwepo. Anazungulira mtengo kawiri akung'ung'udza, kenako anati, "Chabwino. Uvuni uwu ndikasaka nkhuni kwina. Koma dzinja likubwerali likatha, madzi akapanda kukhala apa, ndidula. Ngakhale ukhale pamenepo ndi ana khumi."

Atachoka ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana simenti ija. Ndinadziwa kuti mtengowo ukagwa, za kasupe zathera pomwepo, ngakhale mdzukulu wanu sadzadziwa kuti panali madzi. Phiri sindikanatha kulibwezera ndekha, mvula sindiilamula. Chimene ndikanatha ndi kuchotsa chimene ndinaikapo ndekha.

M'mawa mwake ndinabwereka piki. Tsiku lonse ndinangokwanitsa kuswa kachidutswa kokwana mbale, manja ali matuza okhaokha. Anthu ankadutsa n'kumayang'ana, ena ankati wapampando wapenga. Tsiku lachiwiri ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali mayi a Joyisi ndi hamala yawo. Sanandipatse moni. Anangoti, "Umenya ngati ukupha udzudzu. Taima uko." Anakhala pansi, miyendo tambalale monga amakhalira pa miyala yawo, n'kuyamba kufufuza mng'alu. Masiku anayi tinaswa pansi ponse. Khoma la m'mbali tinalisiya kuti lizitchinga madzi a mumsewu, monga iwo ananenera poyamba paja. Chidutswa cha dzina lanu anachiswa okha, ati, "Elube sankafuna chikwangwani."

Pansi pa simenti tinapeza dothi louma gwa, ndi zigoba za tinkhanu tating'ono timene tinatsekeredwa m'mauna tsiku lija. Tinali tambiri, toyera, tophwanyika ukangotikhudza. Apo ndiye ndinalira pamaso pa anthu, osabisanso. Mayi a Joyisi anandisiya ndilire mpaka ndinatopa, kenako anati, "Wamaliza? Nyumba tatsegula, koma eni ake kulibe. Ukawatenge."

Kukawatenga kuti, Amayi? Ndinatsata Nasolo mpaka kumtunda, kugubuduza miyala, sindinapeze ngakhale imodzi. Ana a masiku ano kuno nkhanu amaidziwira m'buku. Mvula yoyamba itagwa, munthu wina anandiuza kuti ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, mitengo ikadalipo poti kuli alonda, ndipo timitsinje take tikadali ndi moyo. Ndinamusiya Elube kwa mlamu, ndinatenga ndowa, ulendo.

Kumeneko ndinamva fungo limene ndinali nditaliiwala, la masamba onyowa pansi pa mitengo. Ndinakumbuka phiri lathu lili lamoyo, mtima unandiwawa. Ndisanapite patali anandiimitsa mlonda wa nkhalango, bambo wamtali, chilankhulo chake cha kumpoto.

"Mayi, nkhuni n'zoletsedwa kuno. Nyama n'zoletsedwanso."

"Sindikufuna nkhuni, bambo. Ndikufuna nkhanu."

"Zokadya?"

"Ayi, zokaweta."

Anandiyang'ana ngati wodwala mutu. Ndinamufotokozera zonse, za inu, za simenti, za achimwene ndi nkhwangwa yawo. Nditamaliza anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi wagwirapo anthu otulutsa nkhuni, misampha, ngakhale ana a agwape, koma wofuna kukabwezera chinthu pamalo pake anali asanamuonepo. Anati m'kati mwa nkhalango sangandilole kutenga kanthu, lamulo ndi lamulo, koma anandilozera kamtsinje kamene kamatulukira kunja kwa malire, ati nditengeko zochepa, ndisamalize mudzi wonse. Ndinakwinya chitenje monga inu. Ndinagwira zisanu, ndipo zitatu mwa izo zinandipana. Ndinaziika mu ndowa ndi matope a pomwepo ndi masamba.

Mu minibasi kondakitala anafuna kuika ndowa pansi pa mpando, pafupi ndi injini yotentha ija. Ndinakana, ndinaifungata pamiyendo ngati mwana. Mayi wina amene ndinakhala naye anasuzumira, n'kufuula kuti muli zinkhanira, minibasi yonse kusokonekera. Nditafotokoza, abambo ena anandiseka mpaka m'tauni, koma mayi wachikulire wa kumbuyo anati kwawo ku Thyolo nawonso sapha nkhanu ya pachitsime, ndipo anandithandiza kutsitsa ndowa. Imodzi inafera m'njira. Zinayi ndinafika nazo.

Pansi pa kasupe panali patayamba kunyowa ndi mvula ija. Ndinaziika m'mbali, pafupi ndi mizu ya katope, imodziimodzi. Ndinafuna kunena mawu anu aja koma sanagwirizane ndi mlandu wanga, poti ine sindinangosesa. Ndinangoti, "Pepani, tinalakwa. Khalani nafe." Mayi a Joyisi anali ataima pambali, anati bola, wayamba kuyankhula ngati munthu.

Dzinja lonse madzi analipo, koma sindinasangalale msanga, poti dzinja ngakhale dzenje la mumsewu limasunga madzi. Nkhanu sindinkaziona. Ndinkaganiza kuti mwina zinathawa, mwina akhwangwala anatola. Ndinauza azimayi kuti madziwo tiziwiritsa tisanapatse ana, pakuti mantha a matenda aja sanandichoke, ndipo pamenepo sindikuganiza kuti mungandikanize. Mvula inasiya kumayambiriro kwa Epulo. Tsiku lililonse ndinkapita kukaika chizindikiro ndi kamtengo, kuona ngati akutsika. Anatsika ndithu, kenako anaima. Lero tili mu Meyi, fumbi layamba m'misewu, koma madzi akusefukira pang'onopang'ono kuchokera pansi, ozizira. Kudzaza ndowa imodzi kumafuna kuleza mtima, sizili ngati kale. Koma mayi a Joyisi sakupitanso kumsika.

Loweruka lapitali achimwene anabwera, poti nyengo youmba njerwa yayandikira. Anaima pamwamba pa khoma manja m'thumba, akuyang'ana timadzito.

"Amenewa ndi madzi, kapena thukuta?" anatero.

Ndinali nditaona una watsopano pansi pa muzu, ndiye ndinagwada n'kupisamo dzanja mpaka m'chigongono. Chinandipana chinthu mwamphamvu moti misozi inalengeza, koma sindinasiye. Ndinatulutsa nkhanu yaikulu, yonenepa. Nditaitembenuza, pansi pa mimba yake panali piringupiringu, tiana tambirimbiri tosaposa njere ya mapira, titakangamira mayi wawo. Sindinadziwe kuti nkhanu imabereka ana pamimba chonchi, Amayi. Inu munkadziwa, koma ine nthawi imeneyo ndinali wotanganidwa ndi kuseka.

Achimwene anatsika pa khoma n'kunjuta pambali panga. Anayang'ana nthawi yaitali, munthu wamkulu wandevu, ngati mwana amene waona ndege. Kenako anadzuka, anadzikuntha fumbi, n'kuyang'ana kumbali.

"Nkhwangwa ija ndinabwereketsa munthu wa ku Machinjiri," anatero. "Sindikudziwa kuti abweza liti." Atayenda pang'ono anatembenuka. "Nanga ukuisungiranji padzuwa? Ibwezere msanga, anawo angaume."

Ndinaibwezera. Chala chikadali chotupa pamene ndikulemba pano, ndiye mukhululuke ngati zilembo zapindika.

Amayi, sindikudziwa ngati munkanena zoona inu kapena aphunzitsi aja, mwina nonse. Phiri likadali mbee, ndipo dzuwa la Okutobala likubwera. Mwina kasupe apirira, mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndakusowani kwambiri zaka zitatu zimenezi, ndipo ndinakusowani koposa tsiku limene ndinati kulibe. Mundikhululukire. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi chimene ndingathe kuchisunga: kasupe wanu akadzaumanso, sadzauma ndi dzanja langa.

Gonani bwino, mayi wanga wokondedwa.

Ndine mwana wanu,
Rozina